Mbuzi Yomwe Ndinazinga Ndekha

Ine ku Joni sindinapitire kukaona magetsi ayi. Ndine mlimi wa mpunga, ndinakulira m'matope a mtsinje wa Likangala, ndipo zinthu zikanakhala bwino ndikanakalambira momwemo. Koma chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, madzi a mu sikimu yathu ya mpunga nawonso anathawa. Mpunga unapserera usanatulutse ngala. Ku doko la Kachulu mabwato anangogona pa dothi long'aluka. Njala ikalowa m'nyumba, ngakhale mkulu wa mpingo amayamba kufunsa kumene basi ya ku Joni imakwerera.

Koma ndisaname, pakuti bodza la munthu wa imvi limachititsa manyazi. Njala inali mbali imodzi chabe. Chinanso chimene ndinkathawa chinali Esinati, mwana wanga woyamba.

Esinati anakwatiwa ndi Msilamu, Yusufu, mnyamata wa Chiyao amene ankagula ndi kuyanika matemba ku Kachulu. Kwa ena nkhani imeneyi ndi yaing'ono. Makolo athu chibwerereni kuchokera ku Mozambiki ankakhala ndi Ayao bwinobwino. Pa ukwati kapena pa maliro ankaitana Msilamu kudzachinja mbuzi, kuti nyamayo adye aliyense, pakuti Msilamu sadya nyama yozinga munthu wina. Koma mpingo wathu unafika poimika lamulo lolimba: Mkhristu asadye nyama yochinja Msilamu, asapite ku sadaka yawo, asapereke mwana wake kwa iwo. Tinkati makolo anali mu mdima. Ndipo amene ankafuula zimenezi pa guwa kuposa onse ndinali ine, mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

Tsiku limene atsibweni ake a Esinati anabwera kudzandiuza kuti ukwati wamangidwa ndipo mwanayo walowa Chisilamu, ndinayankha pamaso pa anthu kuti, "Ine ndilibe mwana dzina lake Esinati." Mkazi wanga analira mlungu wathunthu. Ine ndinkadziona ngati msilikali wa Mulungu.

M'mawa umene ndinanyamuka, minibasi yochokera ku Kachulu inaima pa siteji yathu, ndipo Esinati anatsikamo. Anali atamva kwa mayi ake kuti ndikupita. Anandipatsira jumbo ya matemba owamba bwino, kamba wa pa ulendo. Ndinamudutsa n'kukwera. Kondakitala anailandira n'kundiikira pamiyendo, koma tisanafike ku Zomba ndinali nditaipereka kwa mayi wina amene ndinakhala naye pampando. Nthawi imeneyo ndinkati ndapambana mayesero. Lero ndikakumbukira jumbo ija, mtima umandiwawa.

Ntchito ndinakaipeza pa famu ya nkhosa, kutali kwambiri ndi mizinda, dera la miyala ndi mphepo, lopanda ngakhale mtengo woti ubisalepo dzuwa. Nyengo yozizira madzi ankaundana mu ndowa. Pa komboni panali eni dziko, Asutu ometa nkhosa, anyamata a ku Zimbabwe, ndi Mmalawi mmodzi yekha. Kapitawo anati, "Amalawi nonse ndinu amodzi," n'kundikankhira m'chipinda cha munthuyo. Nditalowa ndinaona kachipewa koyera pa msomali ndi mkeka wopinda bwino pakona. Mwini wake anali Che Amadu, Msilamu wachikulire wa ku Ntaja.

Ndinayang'ana kudenga n'kunena chamumtima kuti, "Ambuye, ndathawa mmodzi ku Kachulu, Inu mwandisungira wina kuno?"

Tsiku lomwelo ndinagawa chipinda. Poto wanga, mbale yanga, supuni yanga, zonse mbali yanga. Che Amadu ankangondiyang'ana akumwetulira. Nditaika poto wanga pa mbaula imene anakoleza iwo, anati, "Achimwene, poto wanuyo ndamva, ndi Mkhristu. Nanga motowu ndi wa mpingo uti?"

Sindinaseke. Koma kuzizira kwa kumeneko sikulola munthu kukhala kutali ndi mbaula ya mnzake.

Bwana wa famuyo anali ndi butchala m'katauni kapafupi. Ataona mmene ndinkagwirira mpeni, anandipatsa ntchito yozinga ndi kusenda nkhosa. Lachinayi lililonse ndinkayamba dzuwa likutuluka, ndipo pofika masana nyama inali italendewera mzere wonse. Manja anazolowera mpaka ankagwira okha, mutu uli ku Likangala. Anthu ankabwera kudzaonerera, ine n'kumanyada. Che Amadu ankaweta ndi kukonza mawaya a mipanda. Ikafika nkhosa yogawira antchito, ankapempha kuti achinje okha, ndipo ine tsiku limenelo ndinkadya nyemba.

Eni dziko ena anali anthu abwino, sindingawanamizire. Koma mwezi ukatha, mowa ukalowa, ena ankayamba kunena kuti alendo tikuwalanda ntchito. Loweruka lina masana tinapita m'katauni kukagula ufa ndi sopo. Tikutuluka m'sitolo tinangomva phokoso, gulu la anthu likubwera ndi zibonga ndi miyala. Anthu amenewo sanafunse kuti wa Yesu ndani, wa ku mzikiti ndani. Anangoona akuda kwambiri awiri olankhula chilankhulo chachilendo. Tinathawa. Podumpha ngalande ya konkire ndinagwa, ndipo mwendo wakumanzere unathyoka pansi pa bondo. Ndinamva kulira kwa fupa ndi makutu angawa.

Che Amadu anali atadumpha kale, njira yawo inali yoyera. Anabwerera. Anandikokera mu paipi yaikulu yodutsa pansi pa msewu, ndipo tinakhala mmenemo anthu akuthamanga pamwamba pathu. Ine ndinkanong'ona dzina la Yesu, iwo akunong'ona zawo. Phokoso litatha anandibereka kumsana, munthu wamkulu kuposa ine, mpaka tinakumana ndi thirakitala ya pa famu.

Dokotala anandimanga pulasitala. Bwana anauza kapitawo kuti famu si chipatala, ngati nkhosa za Lachinayi zisowa wozinga, abweretsa munthu wina ndipo ine ndichoke m'chipinda. Ndikanapita kuti ndi mwendo umodzi, wopanda mapepala? Che Amadu anapita kwa kapitawo n'kunena kuti ntchito yanga aziigwira iwo, kuwonjezera pa yawo. Miyezi itatu anagwira ntchito za anthu awiri. Akaweruka ankanditenthetsera madzi, kundisambitsa, ndi kukataya ndowa imene ndinkadzithandiziramo. Poto uja wachikhristu anayamba kuphikamo iwo, ndipo ine ndinkadya osafunsa.

Tsiku lina ululu utandikwana ndinakankha zinthu zonse za pa bedi, Baibulo langa n'kugwera pansi. Ndinalisiya pomwepo. Ndinali nditamukwiyira Mulungu. Ndinkati, ine ndinataya mwana chifukwa cha Inu, malipiro ake ndi amenewa? Che Amadu atalowa analitola, analipukuta ndi malaya awo, n'kuliika pa pilo panga.

"Buku la Mulungu sagoneka pansi, achimwene. Ndipo lero ndi Lamulungu, sindinamve nyimbo m'nyumba muno. Mulungu wanu mwamusiya liti?"

"Wandisiya ndi Iye," ndinayankha.

"Akanakusiyani bwenzi muli mu paipi muja. Imbani. Ine ndikhala panja, ndisakusokonezeni."

Ndinaimba, ndipo ndinalira ngati mwana. Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera ku pemphero, koma pemphero langa linasintha. Kale ndinkamuuza Mulungu anthu oti awalange. Tsopano ndinkangoti, "Ndigwireni dzanja, pandekha sindingathe." Ndipo anandigwiradi. Ndikunena izi mosakayika: Yesu wanga sindinamusiye, ndipo sindidzamusiya. Chimene ndinasiya ndi kudziyesa mlonda wa pa chipata chake.

Za Esinati ndinawauza Che Amadu mwendo utayamba kupola. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Iwo anangofunsa kuti, "Mkamwini wanuyo amamumenya mwanayo?"

"Sindinamvepo."

"Amamugoneka ndi njala?"

"Sindikudziwa."

"Ana alipo?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye mukudziwa chiyani, achimwene?"



Patapita nthawi maso a Che Amadu anayamba kuchita khungu, ndipo anabwerera kwawo ku Ntaja. Ndinatsala ndekha zaka zina zitatu. Ndalama ndinkatumiza, nyumba inafoleredwa ndi malata, feteleza sankasowa. Tsiku lina pa foni ndinalimba mtima n'kufunsa mkazi wanga kuti, "Kodi mwana uja ali bwanji?"

Anayankha kuti, "Mwana wake uti? Paja inu mulibe."

Anandiuza kuti Esinati ali bwino, ali ndi ana awiri, ndipo nthawi ya njala Yusufu ndi amene ankabweretsa ufa pakhomo panga ine kulibe. Ndinapempha kuti ndilankhule naye. Yankho linabwera mlungu wotsatira: akuti mawu a pa foni alibe nkhope, amene akumufuna abwere.

Ndinabwera. Nyanja ndinaipeza itadzaza, sikimu yonse ili biriwiri. Mkazi wanga amene ndinamusiya wofatsa ndinamupeza akulamula aganyu m'munda ndi mawu okweza, ndipo ine ankandiuza pokhala. Mpingo unali utagawikana, ena atatopa ndi lamulo lija, ena akuligwirabe. Wotsogolera oligwirawo anali a Namakhwa, mkulu wa mpingo mnzanga, amene kale tinkayenda limodzi ngati mapasa. Anandilandira ndi manja awiri, akuti mkango wabwerera.

Mkazi wanga ndiye anakonza nzeru. Anati Loweruka tichite phwando lothokoza Mulungu kuti ndabwera wamoyo, tiitane mpingo ndi abale, tiphe mbuzi. Ndipo anatumiza uthenga ku Kachulu kuti Yusufu abwere adzachinje mbuziyo.

"Inu pakamwa panu ndimapadziwa," anandiuza. "Musakalankhule zambiri. Mungomugwirira mbuzi, iye achinje. Tikadya tonse nyama imodzi, nkhani yatha."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Mlungu wonsewo ndinkapempherera tsiku limenelo.

Loweruka kunacha ndi kamvula, msewu wa ku Kachulu unali matope okhaokha, ndipo alendo athu anachedwa. Anthu a mpingo anadzaza pabwalo. Amayi ophika anayamba kudandaula kuti mpunga upsa ndiwo kulibe. Mkazi wanga anapita ku mjigo. Mbuzi inali pa mtengo wa mango, ndipo amuna ena awiri anaimasula n'kuyamba kulimbana nayo, wina wagwira nyanga, wina mwendo, iyo ikuwagwetsa m'matope. Anthu ankaseka.

A Namakhwa anatenga mpeni n'kundilozetsa chogwirira. "Akulu, tinamva kuti ku Joni azungu ankaimitsa galimoto kudzakuonererani. Tationetsani lusolo. Kapena zinali nkhambakamwa?"

Sindinganene kuti anandikakamiza. Mpeni utangokhudza chikhatho changa, manja anayamba okha monga Lachinayi lililonse la zaka zonse zija, ndipo mtima wonyada unawatsatira. Ndinaigwetsa kamodzi, ndinazinga, ndinaipachika, chikopa n'kutsika ngati malaya. Anthu anaomba m'manja, amayi akuimba nthungululu. Ndinatembenuka ndikumwetulira, ndipo ndinaona mkazi wanga ataima, ndowa ili pamutu, madzi akumutayikira kumaso.

"Bambo a Esinati, mwachita chiyani?"

Apo m'pamene nzeru zinabwerera.

Sipanapite nthawi, alendo athu aja anatulukira pa njira ya kumunda. Patsogolo Yusufu, atavala mkanjo woyera umene m'munsi mwake munali matope, m'manja atanyamula mpeni wake wokulunga m'kansalu. Pambuyo Esinati, mpango kumutu, khanda kumsana. Anali atanenepa, nkhope ngati ya mayi ake. Anafika pabwalo, anaona chikopa chili pansi, nyama ili pa mtengo, ine magazi mpaka m'zigongono.

Yusufu anapereka moni mwaulemu kwa onse, n'kulowetsa mpeni uja m'thumba la mkanjo. Esinati sanapereke moni kwa munthu. Anayang'ana mayi ake n'kunena kuti, "Amayi, munatiitanira zimenezi? Kuti mpingo wonse uone kuti ife sitidya nawo pakhomo pano?" Kenako anauza mwamuna wake kuti, "Tiyeni tizipita."

Anatembenuka. Kumbuyo kwanga ndinamva a Namakhwa akuti, "Mulungu wagwira ntchito yake."

Ndinadziwa kuti akangodutsa ngalande ya sikimu, mwana ameneyu sindidzamuonanso pakhomo panga mpaka tsiku la maliro anga. Pemphero limene ndinapemphera linali lalifupi kuposa onse a moyo wanga: "Ambuye, ndaononga ndekha, konzani Inu." Ndinawathamangira ndi mwendo wanga wotsimphinawu, ndipo ndinawapeza pa kamlatho ka matabwa. Ndinawadutsa n'kugwada patsogolo pawo, m'matope momwemo.

Yusufu anadzidzimuka. "Ababa, dzukani! Mpongozi sagwadira mkamwini. Anthu akuona."

"Aone," ndinatero. "Pokana mwana wanga ndinakana anthu akuona. Che Yusufu, mbuzi ija inali yanu. Ndinakudikirani mlungu wonse. Sindinachite dala, ndi kunyada kwandipusitsa. Ndalakwa lero, ndipo ndinalakwa kalekale."

Esinati anayang'ana kumbali. "Nthawi zonse inu mumalakwa anthu akukuomberani m'manja," anatero. "Ine ndinabereka mwana woyamba, ndinatsala pang'ono kufa ku chipatala, ndinkaitana dzina lanu. Munali kuti? Lero mwagwada chifukwa cha mbuzi?"

"Si chifukwa cha mbuzi, mwanawe."

"Musanditchule choncho."

Mawu amenewo anandilasa, koma anali anga omwe, ndinangowalandira. Sindinadzuke. Yusufu anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, kenako anandigwira m'khwapa n'kundiimiritsa. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ababa, pakhomo palibe chamoyo china?"

Mbuzi ina panalibe. Chimene chinalipo ndi tambala wofiira wa mkazi wanga, wolusa, amene ankathamangitsa ngakhale agalu. Tinabwerera, Esinati akutsatira chapatali. Ndipo mpingo wonse unaona mkulu wawo wobwera ku Joni akuthamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, akutsimphina, akugwa, akudzuka. Amene ankandiombera m'manja aja tsopano ankagwira nthiti. Pomaliza mkazi wanga anamuvindikira ndi dengu, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Ndinagwira miyendo ndi mapiko. Yusufu anatulutsa mpeni wake, anayang'ana kumene amayang'ana popemphera, ananena mawu ake, n'kuchinja.

A Namakhwa anaimirira. "Akulu, mukadya nyama imeneyo, mawa pa guwa musakwerepo. Lamulo limeneli munalikhazikitsa ndinu."

"Ndinalikhazikitsa ndine, zoona," ndinayankha. "Ndipo Mulungu anachita kundithyola mwendo kuti ndione kuti linali langa, osati lake. Mawa ndibwera, ndikhala pa benchi ya kumbuyo. Kumenekonso Mulungu amamva."

A Namakhwa anatenga chipewa chawo n'kuchoka, anthu angapo n'kuwatsatira. Ambiri anatsala. Kaya anatsalira chikondi kaya fungo la mbuzi, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Za guwa sindinadandaule, ndipo mpaka lero ndimakhala kumbuyo komweko. Mantha anga anali pa munthu mmodzi yekha.

Esinati anatenga tambala uja, anapita kuseri kwa khitchini, anamusosola yekha n'kuphika mu poto wake. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Anthu anayamba kudya mbuzi m'magulu, koma ine ndinakana mbale imene anandibweretsera. Ndinakakhala pa mphasa pakhonde ndi mkamwini wanga. Tinkacheza za mitengo ya matemba ndi za madzi a chaka chino, koma makutu anga anali kuseri kwa khitchini. Ndinkati mwina aphika, apatsa mwamuna wake, n'kunyamuka osanditsanzika. Akanatero sindikanamuimba mlandu.

Mpunga ndi nkhuku anabweretsa mayi ake a Esinati. Kenako Esinati anatulukira, beseni kudzanja lina, jagi kudzanja lina. Yusufu anatambasula manja kuti asambe. Esinati anamudutsa, anafika pamene ndinakhala ine, n'kugwada. Anayang'ana manja anga, amene m'zikhadabo munali mukadali magazi a mbuzi ija.

"Sambani bwinobwino, ababa," anatero. "Chakudya chizizira."

Ndinatchera manja. Madziwo anali ofunda, anali atanditenthetsera.